Udzudzu woluma masana ndi maso a mwana ali m'mimba

Amayi oyembekezera ambiri kuno ku Zomba akugona m'neti, ndipo apitirize. Koma neti imatchinga udzudzu wa malungo, woluma usiku. Ulipo wina wakuda, wa timizere toyera m'miyendo, wotchedwa Aedes, umene umaluma kukuwala, makamaka m'mamawa ndi chakumadzulo, nthawi imene mayi akutsuka mbale kapena akusadzula ndiwo pakhonde. Umenewu ndi umene umafalitsa matenda a Zika, dengue ndi chikungunya.

Kachilombo ka Zika kanapezeka koyamba mu 1947 m'nkhalango ya Zika ku Uganda. Kwa zaka zambiri sikanadetse anthu nkhawa, mpaka mu 2015 pamene ku Brazil kunayamba kubadwa ana ambiri a mitu ing'onoing'ono chifukwa cha kachilomboka. Mu February 2016 bungwe loona za umoyo la WHO linalengeza kuti vutoli ndi ladzidzidzi padziko lonse. Ku Angola ndi ku Cape Verde kunabadwanso ana otere. Kwathu kuno sitinaone mliri ngati wa ku Brazil, koma udzudzuwo tili nawo, ndipo anthu amayenda.

Kwa munthu wamkulu Zika ndi matenda opepuka: totupa pakhungu, kutentha thupi pang'ono, maso ofiira, kuphwanya m'mfundo, masiku ochepa basi. Ambiri samva kanthu n'komwe. Amene amapwetekeka ndi mwana amene ali m'mimba, chifukwa kachilomboka kamadutsa pa nsengwa n'kukaononga maselo amene akupanga ubongo. Diso nalo limamera kuchokera ku ubongo womwewo. Limayamba kuumbika m'mwezi woyamba wa mimba, ndipo miyezi itatu yoyamba ndiyo yoopsa kwambiri.

Kumbuyo kwa diso, mkati, kuli kachikopa kopyapyala kolandira kuwala, retina. Pakati pake pali kamalo kamene timaonera zinthu bwinobwino, monga nkhope ya munthu kapena zilembo. Zika imatha kusiya chipsera pamenepo, ndipo chipseracho sichichoka. Ana ena amabadwa ndi mtsempha wochoka ku diso kupita ku ubongo uli wofota, ena ndi diso laling'ono, ng'ala, kapena maso ogwedera uku ndi uku. Enanso maso ali bwino, koma ubongo sutha kuzindikira zimene masowo akuona. Musakhazikike mtima pansi chifukwa choti mutu wa mwana ndi waukulu bwino. Diso likhoza kuonongeka mutu uli bwinobwino.

Apa mwambo wathu wobisa mimba mpaka itaoneka umatipweteketsa. Pofika mwezi wachisanu, pamene ambiri amayamba sikelo, diso linaumbika kale. Mukangodumpha mwezi pitani kuchipatala chapafupi, kaya ku Matawale, ku Sadzi kapena ku Domasi, miyezi itatu isanathe. Simukuyenera kulengeza kwa anansi, anamwino okha adziwe. Mukatuluka totupa kapena thupi likatentha muli woyembekezera, musangogula mankhwala pa okala. Kayezetseni malungo kaye, ndipo muwauze a dokotala za totupato ngakhale titatha kale. Panado alibe vuto, koma asipilini ndi bulufeni ayi.

Katemera wa Zika kulibe, mankhwala ophera kachilomboka kulibenso, ndiye ntchito ili pakhomo. Aedes safuna dambo la ku Chilwa kapena zithaphwi za m'mbali mwa Likangala. Amaikira m'madzi oyera amene tasunga tokha: mu mgolo, m'ndowa, mu mtsuko, m'chitini, m'tayala lopsinjira malata padenga, m'mbale yomwera nkhuku. Mazira ake amamatirira m'mbali mwa chiwiya, pamwamba pang'ono pa pamene pakulekeza madzi, ndipo amapirira miyezi ngakhale pauma. Kungokhuthula madzi sikukwanira. Kamodzi pa mlungu khuthulani, kwechani mkati ndi chisponji, kenako vindikirani zolimba. Dzira limasanduka udzudzu pa masiku 7 mpaka 10, n'chifukwa chake tikuti mlungu uliwonse. Ku Chinamwali ndi ku Chikanda, kumene nyumba n'zothithikana, mgolo wa khomo limodzi umalumitsa mzere wonse, choncho nkhaniyi ifike kwa amfumu.

Mayi avale zofika m'mikono ndi m'miyendo, ndipo akamapuma masana alowe m'neti momwemo. Abambo, Zika imapatsirananso pogonana. Ngati mwachokera kudziko kumene kuli matendawa, gwiritsani ntchito makondomu mpaka mayi achire.

Mwana akabadwa, muyang'anitsitseni. Pofika miyezi iwiri azikuyang'anani kumaso poyamwa, pa miyezi itatu azitsatira ndi maso chinthu chimene mukuyendetsa. Mukaona choyera pakati pa diso, diso limodzi laling'ono kapena lolowera mbali nthawi zonse, musadontheze mkaka wa m'mawere kapena mankhwala achikuda. Tengani buku la kuchipatala, mupemphe kalata yopita kwa a maso ku Chipatala chachikulu cha Zomba mlungu womwewo. Ng'ala ya khanda imachitidwa opaleshoni, ndipo imafuna kuchotsedwa mwanayo akadali wa milungu yochepa, ubongo usanazolowere kusaona.