Ulendo wa ku Vaishno Devi kuchokera ku Lusaka: yambani kukonzekera miyendo

Ena a kuno ku Lusaka amene amapita ku Vaishno Devi amakhala akuperekeza achikulire a m'banja lachihindu, kaya apongozi, kaya anansi a ku Kamwala amene akhala nawo zaka zambiri. Mtima wonse umakhala pa tikiti ya ndege, chonsecho ntchito yaikulu ili m'miyendo. Vaishno Devi ndi kachisi wachihindu amene ali m'phanga la m'phiri la Trikuta, m'chigawo cha Jammu ndi Kashmir kumpoto kwa India. Kuchokera m'tauni ya Katra kukafika pa Bhawan, pomwe pali phangalo, ndi makilomita pafupifupi 13, ndipo mbali yaikulu ndi chitunda.

Kupuma sikudzakuvutani kwenikweni. Phangalo lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,580 kuchokera pa nyanja, pamene Lusaka ali cha m'ma 1,280, choncho mapapo anu anazolowera kale. Vuto ndi lakuti Lusaka ndi wosalala ngati mphasa, ndipo mawondo a munthu wa kuno sadziwa chitunda. Yambani kutatsala milungu 6: yendani makilomita 5 katatu pa mlungu, kenako muzionjezera mpaka 10, ndipo pezani nyumba yosanja kuti muzikwera ndi kutsika masitepe kwa mphindi 20. Kutsikako musakunyoze, chifukwa ndi komwe kumapha mawondo pobwerera. Nsapato zimene mudzakwere nazo phiri ndi zomwezo muziyesezera. Nsapato yatsopano yogula dzulo lake imatulutsa matuza musanafike ndi pakati pomwe.

Nyengo isankheni mosamala. Mu Julayi ndi Ogasiti kumagwa mvula yamphamvu ndipo nthaka imagumuka. Mu Ogasiti 2025 nthaka inagumukira anthu pafupi ndi Adhkuwari, malo a pakati pa njira yokwera phirilo, anthu oposa 30 anafa, ndipo njira inatsekedwa milungu ingapo. Achikulire musapite nawo miyezi imeneyi. Pa chikondwerero cha Navratri, chomwe chimachitika mu Malichi kapena Epulo komanso mu Sepitembala kapena Okutobala, ndi pamene opembedza ambiri amafunitsitsa kukafika, koma khamu limakhala losaneneka. Ngati achikulire anu sanawinde zopita pa Navratri penipeni, sankhani milungu yotsatira chikondwererocho. Mu Disembala ndi Januwale pamwamba pamazizira kuposa Juni wathu, nthawi zina mpaka chipale chofewa kugwa. Usiku wa chaka chatsopano upeweni: pa 1 Januwale 2022 anthu 12 anafa atapondana pafupi ndi Bhawan.

Za mapepala n'zachidule. Pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi 6 kapena kuposa. Nzika za Zambia zimatha kupempha viza ya India pa intaneti, kapena kudzera ku ofesi ya kazembe wa India kuno ku Lusaka. Ndege zochoka pa Kenneth Kaunda International Airport zimadutsa ku Addis Ababa, Nairobi, Dubai kapena Doha. Ngati mudzera ku Addis Ababa kapena Nairobi, khalani ndi khadi lachikasu la katemera wa yellow fever, chifukwa India amaika Ethiopia ndi Kenya m'gulu la maiko a matendawa. Khadilo limayamba kugwira ntchito patatha masiku 10 chibayireni, ndiye musabayitse mlungu wonyamuka.

Kuchokera ku Delhi, sitima ya Vande Bharat imakafika ku Katra m'maola pafupifupi 8. Mungathenso kukwera ndege mpaka ku Jammu, kenako galimoto makilomita pafupifupi 50. Gonani ku Katra usiku umodzi musanayambe kukwera. India ali patsogolo pathu ndi maola atatu ndi theka, ndipo thupi limene lagona pampando wa ndege silingalimbane ndi phiri tsiku lomwelo.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza alendo ambiri. Simu khadi yothira mayunitsi imene mwagula ku Delhi imasiya kugwira mukangolowa m'chigawo cha Jammu ndi Kashmir. Zimene zimagwira ndi zolipira pamwezi. Choncho musadalire foni kuti mupezane mukatayana. Gwirizanani musananyamuke kuti wotayika akadikire pamalo akutiakuti, ndipo aliyense akhale ndi kapepala m'thumba kolembedwa dzina la hotelo. Tengani ndalama za rupee zapamanja, makamaka zing'onozing'ono, chifukwa amahatchi ndi onyamula katundu safuna makadi a banki.

Palibe amene amaloledwa kukwera popanda khadi la RFID, khadi lolembetsera ulendo limene makina amaliwerenga m'njira. Bungwe loyang'anira kachisiyu, Shri Mata Vaishno Devi Shrine Board, lomwe linakhazikitsidwa mu 1986, linayamba kupereka makadiwa mu 2022, ngozi yopondana ija itachitika. Khadilo ndi laulere, limatengedwa ku Katra, munthu aliyense amaonekera yekha ndi pasipoti yake. Lili ndi malire a maola oyambira ulendo, ndiye litengeni mukakhala okonzeka kunyamuka, osati dzulo lake. Livaleni m'khosi ulendo wonse ndipo mudzalibweze potsika.

Njira yakale imayambira pa Banganga, kudutsa pa Charan Paduka, kukafika pa Adhkuwari, pomwe ndi pakati, makilomita pafupifupi 6. Iyi ndi njira ya mahatchi, ya phokoso, ya timasitolo mbali zonse, ndipo opembedza ambiri amaikonda chifukwa malo opatulikawa ali momwemo. Ili ndi masitepe odulira, koma asakukopeni: ndi otsetsereka kwambiri ndipo amamaliza mphamvu imene mudzaifune kumtunda. Njira ya Tarakote, yotsegulidwa mu 2018, ndi yotalikirapo pang'ono koma yofatsa, yopanda mahatchi, ndipo ife timati ndiyo yoyenera munthu wokwera koyamba. Kuchokera pa Adhkuwari, njira ya Himkoti ndi yosavuta kuposa ya Sanjichhat, ndipo m'menemo mumayenda timagalimoto ta batire tonyamula okalamba ndi odwala. Amene sangayende n'komwe angakwere hatchi, kapena machira otchedwa palki, onyamulidwa ndi amuna anayi. Lipirani pa kauntala yovomerezeka ndipo sungani risiti. Helikopita imachoka ku Katra kukatera ku Sanjichhat m'mphindi zosakwana 10, koma pamatsala makilomita awiri ndi theka oyenda pansi, ndipo kukachita nkhungu siuluka. Mipando yake imatha msanga, isungitseni pa webusaiti ya bungwelo lokha, chifukwa akuba a pa intaneti amagulitsa matikiti abodza.

Pa Adhkuwari pali kaphanga kopapatiza kotchedwa Garbh Joon, komwe anthu amalowa chokwawa. Mzere wake ukhoza kudya maola ambiri. Tengani nambala mukangofika, ndipo ngati ili kutali, pitirirani kumtunda.

Munthu wathanzi amakwera maola 5 kapena 6. Njira ili ndi magetsi usiku wonse, madzi akumwa ndi zimbudzi zilipo, ndipo nthawi yotentha ambiri amanyamuka madzulo. Chikwama chisapitirire makilo 3 kapena 4: juzi, sokosi zosinthira, mankhwala anu a shuga kapena a BP, ndi zovala zoyera zovala mukasamba. Ndodo imagulidwa ku Katra motchipa ndipo potsika mudzaithokoza. Chakudya musachinyamule poonekera, anyani a m'njiramo amalanda m'manja. Dziwaninso kuti ku Katra ndi m'phiri monse mulibe nyama kapena mowa, ndipo malo ambiri saphika ndi anyezi kapena adyo. Mudzadya mpunga wa nyemba wotchedwa rajma chawal, ndipo umagwira m'mimba bwino ndithu.

Mukafika pa Bhawan, siyani nsapato, lamba wachikopa, chikwama cha ndalama, foni ndi kamera m'timakabati tokhoma taulere. Amene aiwala lamba amabwezedwa atafika kale pachipata, n'kuyambiranso mzere. Valani modzilemekeza. Aliyense m'njira amafuula kuti "Jai Mata Di", mawu otamanda mulungu wamkazi wa pakachisiyu, ndipo mukayankha chimodzimodzi palibe amene adzakudabweni. M'phangamo simudzaona chifanizo chachikulu. Muli miyala itatu yachilengedwe yotchedwa pindi, yoimira milungu yaikazi Maha Kali, Maha Lakshmi ndi Maha Saraswati, yovekedwa nsalu zofiira ndi maluwa. Mzere suima, mudzakhala ndi kamphindi kochepa chabe. Auzeni achikulire anu zimenezi musanalowe, kuti maso awo akalunjike pansi pomwe pali miyalayo, chifukwa ena amatuluka akulira kuti amayang'ana zokongoletsa n'kuphonya chimene anadzera.

Opembedza amakhulupirira kuti ulendo sunathe mpaka mutafika pa kachisi wa Bhairon, makilomita pafupifupi 2 kumtunda kwa Bhawan. Chitunda chake ndi chowawa kuposa zonse, koma kuyambira mu 2018 pali ngolo zoyenda pa chingwe, zomwe zimafika m'mphindi zochepa ndipo zimayenda masana okha. Potsika perekani maola 3 kapena 4, ndipo sitima yobwerera ku Delhi isungitseni ya mawa lake.