Mukaona kamwana ka pusi kakugulitsidwa, musagule

Chisoni chimagwira ukaona kamwana ka pusi kali pa chingwe m'mbali mwa msewu, koma chonde musatulutse ndalama. Mukagula, wogulitsayo mawa abweretsa kena, ndipo nthawi zambiri amayamba wapha make kuti akalande.

Dziwitsani a Dipatimenti ya Nyama Zakutchire, apolisi kapena a Lilongwe Wildlife Trust, bungwe losamalira nyama zakutchire. Kusunga nyama yakutchire popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo pa nyama zotetezedwa kwambiri monga ngaka munthu atha kukhala m'ndende mpaka zaka 30.

Ngati kanyamako kali kale m'manja mwanu, kaikeni m'katoni yoboola timabowo, muyalemo nsalu yofunda, muike pamalo a mdima kutali ndi agalu ndi ana. Musakapatse nsima kapena mkaka wa ng'ombe, kamatsegula m'mimba. Kakakulumani, tsukani balalo ndi sopo n'kuthamangira kuchipatala, chifukwa kuli chiwewe.

Musakataye nokha kutchire. Pusi woleredwa pakhomo sadziwa kufuna chakudya ndiponso anzake amamupirikitsa. Ku Lilongwe Wildlife Centre, malo a bungwe lija osamalirako nyama zopulumutsidwa, amayamba amupima matenda, kenako n'kumuzolowetsa pang'onopang'ono gulu la anzake asanawabwezere kutchire limodzi. Ntchitoyi imadya ndalama zambiri, choncho kangachepe komwe mungapereke kumeneko kamakagula chakudya ndi mankhwala a nyamazi.