Kukwecha ndi kupaka phula kaliwo wakale

Kaliwo wa agogo akapezeka pansi pa sutikesi, ambiri amathamangira polishi wa nsapato. Musatero. Mutu wa kaliwo ukatentha, fungo la polishiyo limatuluka n'kusokoneza fodya. Mafuta ophikira nawonso ayi, amamata fumbi kenako n'kuyamba kununkha.

Ntchito yaikulu ili pa kampopi kakuda kolowa m'kamwa. Pa akaliwo akale ambiri kameneka ndi ka vulcanite, labala wolimba wosakaniza ndi salufa. Dzuwa ndi malovu zimakasandutsa kobiriwira ngati ndere, ndipo kamawawa pa lilime. Phula silingabise zimenezi, pamafunika kukwecha mpaka kuda kwake kuonekenso.

Gulani sandipepa ya madzi, ija amagwiritsa ntchito openta magalimoto, ya nambala 600, 1000, 1500 ndi 2000. Viikani m'madzi, yambani ndi 600. Madzi otsika azikhala abulauni; akayamba kutsika akuda, mwafika pa labala wabwino, sinthani nambala. Nambala iyi mukakwecha chotsata utali, inayo muzikwecha chopingasa, kuti muone ngati mizere ya yoyamba yafufutika. Kulumpha nambala n'kudzinyenga, mizereyo idzaoneka phula likangowala.

Pokwecha, kampopi kakhale kolowetsa m'khosi mwa kaliwo, khosilo mutalikulunga tepi. Mukakwecha katasololedwa, m'mphepete mwake mumadyeka, ndipo pobwezera pamatsala kampata kogwira chikhadabo. Chizindikiro cha opanga chiphimbeninso ndi tepi. Kampopi kakakanirira, ikani kaliwo mufiriji mphindi 15 m'malo molimbana nako, khosi limang'aluka msanga.

Mutu wa akaliwo ochokera kunja nthawi zambiri ndi wa briar, chitsa cha mtengo womera m'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Uwu sufuna sandipepa. Kansalu konyowa pang'ono n'kokwanira, ndipo mwaye wa pakamwa pake umachoka ndi malovu pa kansalu, chonyansa inde koma chimagwira ntchito. Spiriti amasukulutsa utoto, ndipo wapepo uja asalowe m'kati chifukwa ndi poizoni.

Tsopano phula. Lenileni la ntchitoyi ndi carnauba, lochokera ku masamba a mgwalangwa wa ku Brazil. Ndi lolimba, limasungunuka kupitirira madigiri 80, n'chifukwa chake limafuna makina ozungulitsa nsalu. Koma galayindala ya owotcherera siyoyenera: imazungulira maulendo opitirira 2,800 pa mphindi, imawotcha labala, imafufuta zilembo, mwinanso kukulandani kaliwo n'kumumenyetsa kukhoma. Kuno kwathu phula la njuchi ndiye losavuta, funsani ogulitsa uchi. Lisungunuleni, musefe pa nsalu, liume.

Wothetsani mutu wa kaliwo chapatali ndi mbaula mpaka ufunde m'manja, osati kuotcha. Pakani phula lochepa ngati njere ya mpunga, dikirani mphindi zisanu, kenako pukutani mwamphamvu ndi chitenje chakale cha thonje. Bwerezani katatu. Kuzizira kwa ku Dedza mu Juni kumaumitsa phula musanalifalitse, n'kusiya mizere yoyera. Zikatero wothetsaninso, mupukute. M'mizere yogoba lowetsani mswachi wouma. M'kati moyikamo fodya musafike phula ngakhale pang'ono.

Phula la njuchi limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, choncho kaliwo wosutidwa amazilala msanga ndipo amafuna kupakidwanso. Mukamaliza, musungeni m'kabati momwe dzuwa silifika, apo ayi kampopi kaja kayambanso kubiriwira.