Ku Joni musasaine pepala la apolisi musanaliwerenge

Abale anga amene muli ku South Africa, zoti obwera ndiwo mbava mwazimva mpaka kutopa nazo. Andale amazikuwa chisankho chikayandikira, a Operation Dudula, gulu lofuna kuthamangitsa obwera, akhala akuziguba m'misewu kuyambira 2021, ndipo mu Meyi 2008 zinaphetsa anthu 62 ziwawa zitabuka ku Alexandra, dera la ku Joni. Komatu kalembera wa 2022 anapeza obadwira kunja pafupifupi 2.4 miliyoni mwa anthu 62 miliyoni. Anthu ochepa chonchi angasenze umbanda wa dziko lonse?

Chimene chimandiwawa ndi kawerengedwe kake. Apolisi akachita chipikisheni amalengeza kuti agwira obwera ambirimbiri, pomwe ochuluka mwa iwo mlandu wawo ndi wa mapepala basi, wa Immigration Act ya 2002. Mnyamata wosamala maluwa amene masiku ake 30 ololedwa kukhala m'dzikomo anatha amamangidwa mtolo umodzi ndi wothyola nyumba. Ndiye apolisi akamaimitsa okhawo akuda bii kapena olankhula Chizulu chopotoka, ziwerengero zingalephere bwanji kudzaza ndi ife?

Ine anandiimitsa ndikuweruka ku ntchito, pemiti yanga ili bwinobwino. Wapolisi atangomva kalankhulidwe kanga anati chidindocho n'chabodza. Ananditenga zidindo za zala, ndinagona m'chitolokosi. M'mawa kunatulukira dobadoba, Mmalawi mnzathu ndithu, wozolowera papolisipo. "Achimwene, sainani apa, mupereke chindapusa muzipita. Mukavuta mukathera ku Lindela." Kumeneko n'kumene amasungira oyembekezera kubwezedwa kwawo. Wapolisi ali pomwepo, akuvomereza ndi mutu.

Palibe ndi mmodzi yemwe anandiuza kuti pepalalo linali lovomera mlandu, lija amati admission of guilt, ndipo mlandu unalembedwapo sunali wa pemiti n'komwe. Ndinadzamva popempha police clearance, kalata ya apolisi yosonyeza ngati unapalamulapo, yokonzetsera pemiti, kuti dzina langa lili m'kaundula wa opalamula. Dobadoba anadya yake, wapolisi anatseka fayilo, ine ndinasanduka umboni wakuti obwera ndi zigawenga. Kufufutitsa dzina m'kaundulamo kawirikawiri kumadikira zaka 10, apo ayi upeze loya akakutsutsire kukhoti lalikulu. Mpaka lero mtima sunaphwe.

Choncho musasaine chimene simunawerenge, ngakhale mutazizidwa usiku wonse. Gawo 35 la malamulo aakulu a dzikolo limakupatsani ufulu wokhala chete, wopeza loya ndi wokaonekera kukhoti pasanathe maola 48. Mu 2017 Constitutional Court, khoti loposa onse m'dzikolo, inagamula kuti osungidwa pa nkhani za mapepala nawonso azionekera kukhoti m'maola omwewo. Loya waulere funsani ku Legal Aid South Africa. Wapolisi akakumenyani, kadandauleni ku IPID, bungwe lofufuza milandu ya apolisi.

Dobadoba wa papolisi muthaweni. Chiphuphu musapereke, chifukwa mawa wapolisi yemweyo adzakudikirani pamphambano yomweyo. Pasipoti muziyenda nayo, kope lake lodindidwa musiye kwa mbale. Masiku akamatha tulukani: kupyoletsa ndi masiku oposa 30 kumakutsekerani khomo zaka 5.

Ndipo inu amene mumati a ku Nigeria ndi a mankhwala ozunguza bongo, a ku Zimbabwe ndi akuba, ife Amalawi ndiye ofatsa okhulupirika, lekani zimenezo. Mukuthirira bodza lomwe likutimangitsa. Galimoto ya apolisi ikaima pa Bree, pakati pa tauni ya Joni, onse amakwezedwa limodzi, ndipo amene ankakutamani kuti ndinu ofatsa sadzabwera kudzakutulutsani.