Atelala, pateni ya chitenje musaigoneke pa nsalu yotanuka

Chiyambire nyengo ya maukwati ndi zinkhoswe ino ndayendera atelala a pakhonde ku Chinamwali, ku Matawale ndi kumbuyo kwa msika waukulu wa Zomba, ndipo vuto ndi limodzimodzi. Kasitomala wabweretsa nsalu yotanuka, ija timaitcha sitirechi kapena jezi, telala n'kutsitsa pamsomali katoni yake yakale yomwe amadulira chitenje, n'kuigoneka pansalupo. Sizasi yayamba kale kuyenda.

Pateni ya chitenje idapangidwira nsalu yosatanuka. Munthu wa chifuwa cha mainchesi 36 mumamuwonjezera awiri kapena atatu kuti apume ndi kukweza mikono, mumaikanso madati (timisoko topinda nsalu kuti igwire thupi) ndi zipi. Sitirechi imadzipatsa yokha mpata umenewo. Mukaiwonjezera, diresi limakhala ngati thumba: m'khwapa mwalendewera, khosi layasama, madati atukumuka pachifuwa, zipi yapanga mafunde kumsana. Mwati mubweze? Mufinya m'mbali, koma khosi ndi m'khwapa mudadula kale, nsalu yodulidwa siimeranso. Tsiku lonse lathera kusula msoko, ndipo jezi ikasulidwa imatsala ndi timabowo. Kasitomala uja sabweranso, komanso akawauza anzake onse a kumpingo.

Chondiwawa n'chakuti ukawafotokozera atelalawa, ena amayankha kuti "tidayamba kusoka inu musanabadwe." Zoona bambo, ulemu wanu. Koma mudayambira pa chitenje ndi khaki, nsalu izi zabwera mutazolowera kale.

Mayi wina wa ku Jali, mlimi amenenso amasoka, adandifotokozera misozi ili m'maso. Adagulitsa nandolo n'kugula sitirechi ya madiresi asanu ndi limodzi a aperekezi a mwana wa mchemwali wake. Adasanjikiza nsalu n'kudula onse kamodzi ndi pateni yake ya masiku onse, komanso pofuna kusunga nsalu adaitembenuza, kutanuka kukuloza pansi. Poyesa, madiresi adali otaya pachifuwa koma akukana kutanuka m'chiuno, ndipo atagona pahang'ala usiku umodzi adatalika mosiyanasiyana. Ukwati udali Loweruka. Adakongola ndalama kubanki m'khonde n'kukagulanso nsalu.

Tsono chitani izi. Musanadule, yesani mainchesi 4 a nsaluyo chopingasa, kutali ndi mphepete, muikoke osachita kulimbana nayo. Ikafika 5 ndiye kuti imatanuka 25 peresenti, dulani pa muyeso weniweni wa thupi osawonjezera kanthu. Ikafika 6 ndi 50 peresenti, ndipo pa chifuwa cha 36 ine ndimadula 34. Nsalu mwaikokayo muisiye muone ngati yabwerera. Yosabwerera musaichepetse kwambiri. Mbali yotanuka kwambiri izizungulira thupi. Jambulani katoni ina yopanda madati, m'khwapa mukweze pang'ono, mulembepo kuti ndi ya sitirechi. Diresi loyamba lisokeni lokha, munthu ayese, kenako mudule enawo. Singano ikhale ya ballpoint (ya nsonga yobulungira), msoko wa zigizagi kapena wa makina a ovaloko, omwe amasoka mokulunga mphepete mwa nsalu. Amene muli ndi makina opalasa a msoko wowongoka okha, pitani nazo kwa mnzanu wa ovaloko, chifukwa ulusi wanuwo uduka tsiku loyamba kuvala.