Kuchoka m'tenti mpaka pakhomo pake: mmene timasungira mayi ndi ana ake kuno ku Chigwa cha Shire

Madzi akaphwa, magalimoto a thandizo amabwerera ku Blantyre, misasa imatsekedwa kuti sukulu zitsegulidwe, ndipo wotsala pabwalo amakhala mayi wa ana atatu kapena anayi amene alibe kolowera. Zinali choncho mu 2015, zinabwereza ndi anamondwe Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022, kenako Freddy mu Malichi 2023. Ena nyumba zawo sizinapite ndi Ruo kapena Shire ayi. Mwamuna anamwalira, achibale n'kumuuza mayi kuti alongedze, kapena anathawa nkhanza usiku mwana ali kumsana. Ine ndili m'gulu la amayi a kumpingo kwathu kufupi ndi Bangula, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene timachitira tikamulandira mayi wotere kwa miyezi ingapo mpaka akhale pakhomo pakepake. Mpingo uliwonse kapena komiti ya m'mudzi itha kuchita zomwezi osadikira bungwe lalikulu.

Yambani ndi chipinda. Chikhale kumtunda, pafupi ndi mjigo ndi sukulu, chitseko chake chokhoma bwino, ndipo kiyi asunge mayiyo, osati abusa kapena amayi apampando. Amene wagonapo m'kalasi ndi mabanja khumi, akusintha zovala kuseri kwa chitenje, amadziwa kufunika kwa kiyi ameneyu. Chimbudzi chikhale chovundikira, madzi akumwa othira kolorini, popeza kolera ya 2022 ndi 2023 sitinaiiwale. Neti isasowe, udzudzu wa kuno suona nyengo.

Tsiku lolowa ndi lomwenso mumakambirana za tsiku lotuluka. Ena amati ndi nkhanza kumuuza munthu wongofika kumene kuti adzachoka liti, koma ine ndaona kuti mayi amagona tulo akadziwa kuti palibe amene adzamudzidzimutse mawa. Khalani pansi pamodzi ndi anyakwawa ndi woona za chitetezo cha ana wa m'deralo, mulembe zimene gulu lidzachite ndi zimene mwiniwake adzachite. Nthawi yake muiwerenge potsata nyengo ya kuno. Wolowa mu Malichi adzalima dimba madzi akamaphwa, adzaumba njerwa m'chilimwe, ndipo Okutobala kapena Novembala akhale atafolera, mvula isanagwe. Kumutulutsa mu Januwale, nthawi imene anthu akukumba nyika m'madambo kuti apeze chodya, n'kumubwezera komwe anachoka.

Sabata ziwiri zoyamba zithere pa mapepala ndi ana. Chiphaso cha unzika chikapita ndi madzi, mayi amavutika kulembetsa nambala ya foni ngakhalenso kulowa m'kaundula wa thandizo, choncho mperekezeni ku ofesi yopereka ziphaso za unzika ya NRB kuboma, ku Nsanje kapena ku Chikwawa. Buku la kuchipatala la mwana aliyense alipezenso. Za mankhwala amene amamwa tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, mayi mmodzi yekha wosunga chinsinsi amufunse pambali ndi kupita naye kuchipatala mawa lake lomwe. Ana alowe m'kalasi sabata yoyamba, yunifolomu ilipo kapena palibe. Mwana wamkazi wa zaka 14 akangokhala pakhomo miyezi iwiri, mudzamva kuti kwabwera munthu wofunsira, ndipo mayi wanjala amavutika kukana. Lamulo likuti ukwati ndi zaka 18, muwauze achibale zimenezi poyera. Dzina la banjali mukalisiyenso ku ofesi ya zosamalira anthu, kuti kalembera wa Mtukula Pakhomo akadzafika lisaphonyedwe, koma musalonjeze kuti alowa, posankha sakhala inu.

Nkhani yaikulu ndi malo, ndipo apa m'pamene magulu ambiri amagwa mphwayi. Kwa ambiri a ife kuno, makamaka Asena, mkazi amalowoledwa n'kukakhala kwa mwamuna. Mwamuna akamwalira, munda ndi nyumba amaziona ngati za kuchimuna. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ndi mlandu, ndipo mayi akafuna kulimbana nazo mperekezeni ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza (Victim Support Unit) kupolisi kapena kwa DC. Koma mufunseni kaye. Alipo amene amati, “Amayi, kumeneko sindibwererako, ngakhale andipatse nyumbayo.” Mawu amenewo alemekezeni, mukapemphe malo ena kwa anyakwawa.

Popempha, pemphani malo awiri: pomanga kumtunda, ndi kadimba kumunsi. Anthu a kutali amadabwa kuti bwanji anthu a ku Makhanga ndi madera ena a kutsidya amabwerera komwe madzi anawathamangitsa. Yankho lake ndi dothi. Kumtunda n'kouma, mvula ndi yochepa, pamene kudimba chimanga, mbatata ndi nyemba zimacha ndi chinyontho chimene mtsinje wasiya. Mukamupatsa nyumba yabwino popanda polima, chaka chisanathe mudzamupeza wamanga chisakasa m'mbali mwa Shire. Agone kumtunda, azilawirira kudimba.

Malowo alembedwe m'dzina la mayiyo, osati la mchimwene wake kapena la mwana wake wamwamuna. Anyakwawa, mboni ndi eni minda yoyandikana ayende m'malire onse ndi mapazi, pangodya iliyonse mudzale nimu tsiku lomwelo. Kalata ikhale ndi chidindo, ndipo ikhale patatu: ina kwa mayi, ina kwa amfumu, ina kumpingo m'chitini chotseka. Mawu apakamwa amafa ndi amene anawanena, ndipo nyakwawa wolowa m'malo sadziwa zimene malume ake analonjeza pansi pa mtengo. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola mkazi kulembetsa malo mofanana ndi mwamuna, choncho kalembera wa malo akafika m'dera lanu kalata ija idzamuthandiza.

Za ndalama, musayambe ndi kumuphunzitsa ntchito yachilendo. Mufunseni chimene manja ake amadziwa kale. Wina amawamba milamba yochokera ku Elephant Marsh, wina amalima chitowe kapena mapira, wina amakazinga zitumbuwa n'kukagulitsa kwa odula nzimbe ku Nchalo tsiku la malipiro. Mpamba wochepa pa ntchito yoidziwa umapindula kuposa makina osokera kwa munthu amene sanagwirepo singano. Mulowetseni banki m'khonde mwezi wachiwiri, koma miyezi yoyamba azingoponya masheya, ngongole ayi. Ngongole yotenga uli ndi njala imathera mumphika, kenako pobweza amathamangira katapila. Ndalama asunge pa Mpamba kapena Airtel Money ya nambala yake, ndipo nambala yachinsinsi asauze aliyense, ngakhale inu. Mbuzi yaikazi imodzi yopatsirana imathandiza kwambiri kuno, popeza imapirira chilala ndipo ku Ngabu ndi ku Bangula msika wake sumasowa.

Chakudya chimene gulu limapereka chizichepa pang'onopang'ono monga munagwirizana, dimba likayamba kubereka. Musachidule tsiku limodzi.

Pali chinthu china chimene sindingachisiye. Paliponse pamene pali thumba la ufa ndi mayi wosowa, pamapezeka bambo wina wonena kuti, “Mudzabwere madzulo tidzakambirane za dzina lanu.” Mayi adziwe kuyambira tsiku loyamba kuti thandizo silogula ndi thupi, ndipo adziwe kokanena. Nambala ya 5600 ndi ya nkhanza, 116 ndi ya ana, zonse zaulere. Zilembeni ndi makala kuseri kwa chitseko. Opita kukazonda pakhomopo akhale amayi, awiriawiri.

Pomanga, maziko akwere kufika m'bondo, mizere yoyambirira ikhale ya njerwa zootcha ndi simenti ngati ilipo, chifukwa zidina zikangonyowa pansi khoma lonse limakhala pansi. Khonde lizungulire nyumba kuti mvula isamenye khoma, ndipo mazenera ayang'anizane, poti kutentha kwa Okutobala kuno kumapitirira madigiri 40. Mayi ndi ana ake okulirapo aumbe nawo njerwa, atunge nawo madzi, abambo a kumpingo athandize kuwotcha ndi kufolera. Chimbudzi chithe nyumba isanalowedwe.

Tsiku losamuka apite ndi khasu, miphika, ndowa yovundikira, neti ndi mbewu zodzala mvula yoyamba. Mumudziwitse kwa komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya m'mudzimo kuti chenjezo la madzi lizimufika. Ku banki m'khonde apitirize monga membala wina aliyense. Mvula yoyamba ikagwa pitani mukaone denga ngati likudontha, ndipo teremu ikatsegulidwa mu Januwale mukafunse aphunzitsi ngati ana onse afika m'kalasi.