Momwe mungaikire injini ya 20 valve mu Corolla yanu yakale

Ma Corolla a AE100 ndi AE110 amene anadzadza m'misewu mwathumu ambiri anachoka ku Japan ali ndi injini ya 5A-FE ya 1500cc kapena 4A-FE ya 1600cc. Ndi injini zopirira zedi, mafuta sizimwa, koma amene anayesapo kupitirira thiraki pokwera Chiweta akudziwa kuti mphamvu ndiye mulibemo, mahosipawa ake amangosewera cha m'ma 100 mpaka 115 basi. Nde anyamata ambiri okonda liwiro amathamangira injini ya 4A-GE ya mavalavu 20, ija amangoti 20 valve. Ubwino wake ndi woti ndi ya banja limodzi ndi injini muli nayoyo, buloko yake ndi yofanana kakhalidwe moti imakhala pa ma mounting omwewo osawotcherera chilichonse. Kuyikhazika injiniyo si nkhani, makaniko wabwino amamaliza osachedwa. Pamene anthu amalilira ndi pa mawaya, mabuleki ndi mapepala.

Yambani ndi kudzifunsa ngati mukuyifunadi. Injiniyi mphamvu zake zili kumwamba, imadzuka singano ya rev counter ikadutsa 4000 nkumakuwa mpaka cha m'ma 8000, koma pansi apa mukamayenda pa mzere wa magalimoto mu Limbe simudzamva kusiyana kwenikweni ndi 4A-FE yanu ija. Ngati galimotoyo ndi ya takisi kapena yonyamulira matumba a chimanga kumudzi, musavutike akulu, sakani 7A-FE ya 1800cc, imakoka bwino pansi pomwe ndipo mawaya ake savuta. 20 valve ndi ya munthu wofuna kusangalala.

Mukatsimikiza, dziwani kuti ilipo ya mitundu iwiri. Silvertop ya chivindikiro choyera inatuluka mu 1991 mu Toyota Levin ndi Trueno za AE101, imatulutsa mahosipawa 160 PS. Blacktop ya chivindikiro chakuda inabwera mu 1995 mu AE111, iyo 165 PS, ndipo ndi yomwe inali mu Corolla RSi ndi RXi za ku Joni zija. Zonse mutu wake unapangidwa mothandizana ndi Yamaha, silinda iliyonse ili ndi mavalavu asanu komanso throttle yakeyake, nchifukwa chake imalira mokoma chonchija. Kusiyana kofunika kwa inu ndi uku, silvertop imayeza mpweya ndi airflow meter pomwe blacktop imagwiritsa MAP sensor, choncho kompyuta yoyendetsa injini ya iyi sigwira pa inayo, mawayanso ndi osiyana. Wina akakuuzani kuti "bwana tingosakaniza zitheka" mukaneni pomwepo. Ine ndimakonda blacktop chifukwa kachitseko ka mu airflow meter yakale kaja kakatopa kupeza ina yabwino ndi ntchito, komabe silvertop imapirirako petulo wosakhala bwino popeza compression yake ndi 10.5 pomwe ya blacktop ndi 11.

Tsopano pogula, apa ndiye pagona nkhani yonse. Musagule injini yokhayokha yongoikidwa pa tayala pa shopu. Gulani half cut, kutanthauza galimoto yodulidwa pakati, mbali yakutsogolo yonse. Mmenemo mupezamo injini, giyabokosi, kompyuta, mawaya onse osadulidwa, igniter ndi koyilo, bokosi la mpweya, manifodi ya ekizozi ndi paipi yake yoyamba, ma shafti, radiyeta ndi mapaipi ake, ma hub ndi mabuleki akutsogolo, ngakhale dashibodi ya mawotchi yofika 9000. Injini yokha imaoneka yotchipa tsiku logula, koma mudzatha miyezi mukuzungulira ku Ndirande kapena ku Biwi kusaka kapulagi kamodzi ka waya kamene wogulitsa anangodula ndi chikwanje, ndipo mukadzawerengera ndalama zake zidzaposa za half cut ija. Kaya mukuitanitsa kudzera ku Dar es Salaam kapena ku Durban, kaya mwaipeza konkuno, funsani lisiti lolembapo nambala ya injini komanso mapepala a MRA osonyeza kuti inalowa bwinobwino. Pitani nokha mukaone nambalayo pa buloko, ifanane ndi ya papepala.

Musanapereke ndalama tsegulani chotsekera oyilo musuzumire mkati ndi tochi, mukaona phala lakuda lomata isiyeni. Chotsani mapulagi muone ngati ena anyowa oyilo. Ngati pali batire ndi sitata yesani compression, masilinda anayi onse akhale oyandikana, kusiyana kusapose 1 bar. Injini izi zakalamba tsopano, ndipo amene ankaziyendetsa ku Japan sankapita nazo ku tchalitchi ayi.

Ikafika pa galaja musathamangire kuyikweza. Ikadali pansi ndi nthawi yosintha timing belt, tensioner, pampu ya madzi, thermostat, ma seal a kiranki kutsogolo ndi kumbuyo, gasiketi ya chivindikiro, mapulagi ndi kilatchi. Zonsezi injini ili panja nzosavuta, ikalowa mudzalipira kawiri. Muyang'anenso pulley ya VVT ya pa kamu ya mpweya, ija imasintha nthawi yotsegukira mavalavu, ndi matenda odziwika a 20 valve, ikatha imachita phokoso la gwedegwede ngati injini ya dizilo. Chinanso chimene ambiri amadzadzidzimuka nacho mochedwa, fulayiwilo ya 4A-GE ili ndi mabawuti 8 pomwe ya 4A-FE ndi 5A-FE ili ndi 6, nde yakale ija simungayisamutse, onetsetsani kuti yake ilipo.

Kenako kutsitsa injini yakale. Chotsani batire kaye, khuthulani madzi ndi oyilo wa giyabokosi, ndipo musanazule pulagi iliyonse jambulani ndi foni nkumata kapepala kolemba kuti ikupita kuti. Zimaoneka ngati zachibwana koma pakatha masabata awiri palibe amakumbukira, ngakhale amakaniko amene amati zonse zili m'mutu. Kompuresa ya AC ndi pampu ya pawa sitiyaringi mutha kungozimasula nkuzimangirira pambali osatsegula mapaipi ake. Injini ndi giyabokosi zitulutsireni limodzi ndi tcheni buloko yomangidwa pa chinthu cholimba, zija zokoleka pa nthambi ya mango zaphwanyitsa anthu miyendo. Mpata ulipo tsukani malo onsewo, muone ma mounting ngati ang'ambika, ndi dzimbiri pansi pa batire.

Giyabokosi yakale ya manyuwo ya 4A-FE imamangika pa 20 valve, koma magiya ake ndi otalikirana moti mukasintha giya injini imagwera pansi pamene ilibe mphamvu. Ikani yake ya mu half cut, ya magiya asanu ya C56 kapena ya sikisi ya C160 imene inabwera ndi ma blacktop ena kuyambira 1997, pamodzi ndi ma shafti ndi zingwe zake za giya. Ngati galimoto yanu inali otomatiki pali ntchito yowonjezera, ma pedo, master ya kilatchi ndi paipi yake, ndodo ya giya, komanso kulumikiza mawaya awiri a switch ija imaletsa galimoto kulira ikakhala siili pa P kapena N, apo ayi mudzapotokola kiyi osamva kanthu.

Kukweza injini yatsopano ndi kungobwerera mmbuyo zomwe munachita potsitsa. Lowetsani mabawuti a ma mounting onse kaye momasuka, injini ikhazikike yokha, kenako ndiye mumange. Mapaipi a madzi gwiritsani a mu half cut chifukwa madzi a 20 valve amatulukira mosiyana. Musaiwale paipi ya vacuum yopita ku booster ya mabuleki, mukaisiya buleki imauma gwa.

Mawaya tsopano. Apa musaumire, pezani wa zamagetsi a galimoto amene anagwirapo 20 valve ndipo akhale ndi diagram ya galimoto zonse ziwiri, yanu ndi yomwe mwachotsamo injini. Mawaya a injini amachoka ku ma sensor kukalowa ku kompyuta, amenewo musawakhudze. Ntchito ili pamene mawaya a injini amakumana ndi a bodi, kuseri kwa dashibodi ndi pa bokosi la mafyuzi, chifukwa mapulagi amatha kuoneka ofanana nkulowana bwinobwino koma ma pin ake ali malo osiyana, makamaka mukamaika blacktop mu AE100. Waya aliyense atsatidwe payekha, wa moto wa kiyi, wa sitata, wa relay ya pampu ya petulo, wa alitaneta, wa fani, wa rev counter, wa sipidi, wa nyali ya oyilo, wa kutentha ndi wa check engine. Polumikiza awotche ndi soda nkuvala heat shrink, zopota ndi manja nkukulunga tepi zija ndi zomwe zimayatsa magalimoto pa msewu. Ma earth onse amangidwe pa chitsulo chopalidwa bwino, earth imodzi yokha ikasowa injini imachita zinthu zoti mpaka muganize kuti wina wakulodzani. Nyali ya check engine igwire ntchito ndithu, muyifuna posachedwapa.

Ku mbali ya mafuta sinthani fyuluta, ndipo ngati pampu ya mu thanki ndi yomwe inabwera ndi galimoto ikani yatsopano. Mapaipi a labala akale nawonso achoke, petulo wathu kuno amasakaniza ndi ethanol ndipo labala wokalamba sachedwa kung'aluka. Petulo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu muiwaliretu, injini ya compression yokwera chonchi ikamwa wosakaniza ndi parafini imagogoda mpaka kuswa pisitoni. Ekizozi yakale ndi yopapatiza, kuyambira pa paipi ya mu half cut kupita kumbuyo awotcherereni yokulirapo pang'ono, osati chimpaipi chachikulu chongosokosera anthu usiku.

Tsiku loliza, thirani oyilo ndi madzi osakaniza coolant, zulani fyuzi ya EFI nkupukusa sitata mpaka nyali ya oyilo izime, kenako bwezerani fyuzi muyilize. Isiyeni itenthe yokha muli kuyang'ana zodontha, mpweya utuluke m'madzi, fani izungulire nkusiya. Mukatero tsegulani kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS, lumikizani ma pin olembedwa TE1 ndi E1 ndi kawaya, nyali ya check engine iyamba kuphethira ndipo muwerenge. Ikamaphethira mofanana osapumira ndiye kuti zonse zili bwino. Ikamaphethira nkumapumira ndiye kuti ikukupatsani nambala ya vuto, 12 ndi siginolo ya distributor, 14 ndi igniter, 22 ndi sensor ya kutentha kwa madzi, 31 ndi airflow meter kapena MAP, 52 ndi knock sensor. Kawayako kadakali pomwepo tcherani timing pa madigiri 10 ndi timing light, osati ndi khutu.

Musanapite kokayesa liwiro samutsani ma hub, ma disiki ndi ma caliper a mu half cut, thirani brake fluid watsopano, muonenso ma shokapu, ma bush ndi matayala. Corolla wamba kumbuyo ili ndi mabuleki a dramu, a disiki a Levin mukawapeza ndi bwino koma poyambira nsapato za mabuleki zatsopano ndi kutchera bwino zikwanira. Masiku oyamba yendani mofatsa pafupi ndi kunyumba, mukabwerako mangitsaninso mabawuti ndi kuona madzi ndi oyilo.

Chatsala ndi mapepala. Nambala ya injini yasintha, cc mwinanso yasintha ngati munali ndi 5A-FE, nde tengani lisiti lija ndi mapepala a MRA mupite kupolisi akaone kuti injiniyo si yakuba, kenako ku Road Traffic akasinthe pa bluu buku. A inshuwalansi auzeninso polemba kalata, chifukwa mukadzachita ngozi nkupeza injini ina yosiyana ndi ya m'mabuku mwawo akhoza kukana kulipira. Injini yakale ija musaigulitse msanga, isungeni pouma ndi mapepala ake mpaka bluu buku yatsopano ituluke.